Kansalu kofiira ka pa phiko

Lachinayi, mwezi wa Novembala

Ndadzuka ndi mantha amene sindinagone nawo. Kunja kunali kutatentha kale dzuwa lisanakwere, ndipo m'makutu mwanga munali kaphokoso kaja, ng'ung'ung'u, ngati munthu akuimba atatseka pakamwa. Mawa m'mawa msuweni wanga adzaulutsa ndege ya malemu amalume kuchoka kuno ku Bangula kupita ku Chileka. Ndikulemba kuti mwina mtima ukhale pansi.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi. Anagwira ntchito yopopera mankhwala m'minda ya thonje ku Mozambiki zaka zambiri, ndipo atapuma anabwerako ndi kandege kawokawo, ka mipando iwiri, koyera, kokhala ndi mzere wobiriwira m'mbali. Anthu ankati munthu wa ndege sangadye nsomba zouma za makakana, koma ine ndinkawaona akudya, mpaka kutafuna ndi mitu yomwe. Ndegeyo inkakhala m'shedi ya malata pambali pa bwalo la ndege, pomwe mbuzi za anthu zimadya udzu ngati ndi pawo.

Ankaisamala kwambiri kuposa kuiulutsa. Loweruka ndinkapita nawo. Tinkayamba ndi kuyenda bwalo lonse wapansi, kufotsera maenje amene ng'ombe zasiya ndi kuthamangitsa mbuzi. Kenako ankazungulira ndegeyo akuisisita ndi dzanja, uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi yomwe sankaimaliza. Ankatsitsira mafuta pang'ono m'kabotolo n'kukayang'anitsa padzuwa. Ankati mukakhala madzi, amakhala pansi ngati mkanda. Chomaliza chinali kuvula kansalu kofiira kamene kankakhala kunsi kwa phiko lakumanzere, n'kukapinda, n'kukaika m'thumba la malaya.

Tsiku lina, ndili Fomu 1, anandifunsa kuti, "Iwe wa kusekondale, mphuno ya ndege ili pati?"

Ndinaloza kutsogolo kumene kuli chopukusa.

"Nkhabe, ayi! Aphunzitsi ako akudya zaulere." Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandikokera kunsi kwa phiko n'kundionetsa kapaipi kachitsulo, kowonda ngati cholembera. "Mphuno ndi iyi. Mphepo ikalowa umu, kamuvi kam'kati kaja kamandiuza liwiro. Mukatsekeka, kamuvi kamanama. Ukakhulupirira bodzalo, uinyamutsa ndege isanakonzeke, ndipo mitengo ija kumapeto kwa bwalo siikupatuka."

"Nanga angatsekemo ndani, amalume?"

"Mavu, aja omanga ndi dothi. Kuno kwathu kotenthaku masana amodzi awakwanira. Ndipo samanga pakhomo ayi, amamanga m'kati momwe diso silifika. N'chifukwa chake ndimaiveka chipewa, kansalu kofiira aka. Koma usadzauziremo ndi pakamwa kapena kutokosamo, ungaononge zam'kati."

Amalume sanafere m'mwamba monga anthu ankalosera. Anamwalira pabedi mu Ogasiti, ndi matenda a shuga. Mwana wawo yekhayo ndi msuweni wangayu, wamkulu kwa ine, amene anaphunzira kuulutsa ndege kwa bambo akewo ndipo tsopano amagwira ntchito ku Lilongwe. Maliro atatha anapita kushedi, anaona kuti zonse zili m'malo mwake, anakhoma, nasiyira amayi kiyi. Anati adzabwera kudzaitenga mvula isanayambe.

Kwathu munthu akamwalira, zovala zake zonse zimamangidwa mtolo umodzi, ndipo sumasulidwa mpaka abale atakumana kudzagawana. Amayi, pokhala mlongo wa malemu, ndiwo anatolera. Anatolera za m'nyumba, kenako anapita kushedi kukatenga ovololo ndi chipewa ndi kathaulo kopukutira thukuta. Ine ndinali kusukulu, sindinaone zimene anatenga.

Cha mu Seputembala mlonda wa pabwalo anayamba kunena kuti ndege ija ikulira. Osati usiku ayi, masana enieni, dzuwa likafika paliwombo. Amayi otola nkhuni anamvanso, nasiya kudutsa njira imeneyo. Amayi anga atamva anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ndi mwini wake. Sanatsanzikane nayo."

Tsiku lina poweruka ndinapatuka ndekha. Malata a shedi anali otentha moti ndinangoyandikitsa khutu osakhudza. Poyamba kunali zii. Kenako ndinamva: ng'ung'ung'u, kaduka, kayambanso, kadukanso, monga momwe amalume ankang'ung'udzira nyimbo yawo ija osaimaliza. Ndinathamanga mpaka kumsewu, ndipo kumeneko ndinalira. Koma ndinene zoona: ndinakondwanso. Ndinabwererako kangapo osauza munthu. Ndinkaima kunja kwa malata n'kumawauza chamumtima za mayeso ndi zoti ndikufuna kudzaphunzira za mainjini. Chiyambire maliro, amenewo ndi malo okhawo amene sindinkamva kuti apitadi.

Lamlungu lapitali abale anakumana kwathu n'kumasula mtolo. Pakati pa malaya panagwa kansalu kofiira kaja, kochapidwa bwino, kositidwa. Azakhali ena ochokera ku Chikwawa anakanyamula n'kufunsa ngati ndi tayi kapena sokosi, anthu n'kuseka ngakhale panali pachisoni. Amayi anati ankakaona m'thumba la malaya a malemu, ndiye tsiku lotolera lija anakamasula pa ndege n'kukawerengera pa zovala, poti kanamwa thukuta lawo. Akuluakulu anagwirizana kuti kabwerere kwa mwini wake, ndegeyo. Madzulo omwewo amayi anakakaveka pamalo pake, namanga bwinobwino.

Ndinaona zonsezi, koma mutu wanga unali pa malaya a amalume amene ankachoka m'manja mwa anthu limodzilimodzi. Lolemba kunabwera makaniko kuchokera ku Blantyre. Anasintha oyilo, anapopa matayala, analiza injini mpaka mbuzi zonse zinathawira kumadimba. Kansalu anakapeza pamalo pake.

Lero masana msuweni wanga wafika pa minibasi, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Atandiona anakuwa ali pamsewu pomwe.

"Asuweni! Mwatalika chonchi, yunifolomu ikuthawa mawondo! Kapena mukudya nzimbe za eni ake?"

"Inu ndiye a ndege mukubwera pa minibasi?"

"Mawa udzaona. Ndidzakudutsa pamutu uli pa asembule, ndikugwetsere switi."

Anaseka ndendende ngati bambo ake, ndipo amayi anatembenukira kumbali. Titakhala pakhonde, iye anati wadzera kushedi. "Azakhali, takhuta, zikomo kwambiri. Ndapeza zonse monga ndinazisiyira, ngakhale kansalu kaja kali pomwe ndinakamanga. Makaniko akuti palibe vuto."

Pamenepo china chake chinandilasa mumtima. Ndinati, "Asuweni, kansalu kaja…" Koma amayi anandiponda chala n'kundituma kukatunga madzi. Ananditsatira kuseri.

"Ukufuna kunena chiyani iwe? Mwana wamasiye akubwera kudzatenga chotsala cha bambo ake, iwe umuuze kuti azakhali ake anasokoneza zinthu? Kenako umuuzenso za kulira kuja? Akakwere ndege ali ndi mantha? Kansalu ndinabwezera. Zatha."

Maso awo anali ofiira. Ndinatenga ndowa n'kupita kukatunga madzi. Msuweni wanga anapita kumanda ndi akuluakulu, ndipo pochokera kumeneko anakwera galimoto kukagona ku Nsanje kwa abale a mayi ake. Wati mawa adzafikira kubwalo konko, anyamuke kusanatenthe.

Dzuwa litapendeka amayi anandituma kukasesa m'shedi kuti mwini wake adzapeze moyera. Aka kanali koyamba kulowamo chimwalirire amalume. Munali fungo lawo, la mafuta ndi fumbi. Pamsomali pomwe pankakhala ovololo panali popanda kanthu. Ndinayamba kusesa ndikuyang'ana pansi, kuopa kuona munthu pampando wakumanzere.

Kenako ndinamva kaphokoso kaja, pafupi penipeni, kumbuyo kwanga. Tsache linandigwa. Nditacheuka sindinaone munthu. Ndinaona mavu angapo kunsi kwa phiko. Ankazungulira kansalu kofiira, kukagunda, kubwerera, kukagundanso, ngati anthu amene apeza kunyumba kwawo atakhoma. Ena mwa iwo anali atanyamula kadothi konyowa.

Ndinawadikira achoke, n'kumasula kansalu. Pakhomo pa kapaipi panali poyera, pong'anima. M'kati munali mdima basi. Sindinauziremo, sindinatokosemo. Ndinamanganso monga ndinapezera.

Kuyambira Ogasiti mpaka Lamlungu, nyengo yonse yotenthayi, mphuno ya ndege inali pamtunda. Msuweni wanga sakudziwa, makaniko sanadziwe. Onse aona chipewa chili pamutu n'kukhulupirira kuti sichinachokepo. Mwina m'katimo mulibe kanthu. Mwina iye angazindikire yekha ndege ikuthamanga pabwalo, n'kuima. Koma bwalo lathu ndi lalifupi, ndipo mitengo ija ndaiyang'ana pobwerera.

Ndinakhala pansi pa phiko kanthawi. Chimene chinandiwawa, ndipo ndikuchita nacho manyazi, n'chakuti miyezi yonseyi ndakhala ndikuuza mavu za mayeso anga. Ndikanena zimene ndaona, anthu adzaseka, njira ija idzatsegukanso, ndipo amalume sadzakhalanso m'shedimo. Komabe ngakhale pano, nditaona ndi maso anga, kaphokosoko kakumvekabe ngati nyimbo yawo.

Nditafika kunyumba ndinapempha foni ya amayi. Anandifunsa kuti ndikufuna kuimbira ndani, ndipo nditayankha anaiika m'chilundu. Bambo ali ku Nchalo kodula nzimbe, abwera Loweruka.

Ndiye ndaganiza chonchi. Mawa sindipita ku asembule, ngakhale andikumbitse dzenje. Ndidzatenga njinga kukangocha, ndikafike kubwalo iye asanafike, ndikakhale pakhomo pa shedi. Akadzabwera ndi nthabwala zake sindidzaseka. Ndidzamugwira dzanja, ndimutengere kunsi kwa phiko, ndimuuze kuti kansalu kanagona mumtolo wa zovala miyezi yonseyi ndiponso kuti ndaona mavu akufunafuna khomo. Za amayi ndidzanena kuti anachita mwaulemu wa maliro, chifukwa ndi zoona. Sindidzachoka kutsogolo kwa ndegeyo mpaka kapaipiko atakayesa ndi zida zake. Kenako ndidzabwera kunyumba kudzamva mawu a amayi.