Amalume Anandifunsira Dipuloma pa Msika wa Katete

Marizaltsi anga a giredi thwelofu anabwera pa foni, ndipo ndikulumbira, foniyo inatentha mpaka ndinaiika pamthunzi kuti ipume. Chinyanja 2, apo ndiye ndinamenya. Zachipembedzo 5, Chizungu 6, histore 6, sayansi 8, masamu 9. Kwa inu osadziwa, kwathu kuno nambala ikamakula ndiye kuti munthu ukumira. Naini si giredi, ndi chipepeso. Mapointsi onse pamodzi 36, pamene anzathu olowa yunivesite amakhala ndi manambala oti ungawerenge ndi zala.

Atate sanakalipe. Anangoti, "Chabwino. Munda wa thonje wa ku Sinda uja ukufuna wopalira. Mwezi uno ukatha, ndi wako." Munda umenewo, anthu inu, ukayamba mzere uli mnyamata umakafika kumapeto uli ndi zidzukulu.

Ndinathamangira kwa amalume, alongo awo a amayi. Iwowa ndi nkhoswe yotchuka kuyambira Katete mpaka Vubwi. Anakwatitsapo munthu wa dzino limodzi, chidakwa chogona m'ngalande, ndi mkulu wina amene ankaopa madzi osamba kuposa mphaka. Onsewo mabanja awo alipo mpaka lero.

"Malo a ku yunivesitewo umapempha bwanji?" anandifunsa.

"Pa foni, amalume. Umalemba fomu n'kutumiza marizaltsi."

Anagwira kumutu. "Wekha? Popanda nkhoswe? N'kuyambanso ndi kuonetsa chilema? Mphwanga, mwamuna wosaoneka bwino sayamba ndi nkhope. Amayamba ndi malume wake."

Mwamwayi sabata yomweyo anthu a yunivesite ina ya ku Lusaka anamanga tenti pafupi ndi msika wa Katete, kulemba ofuna malo. Amalume anavala jekete yawo ya maukwati, yomwe yamva malonjezo abodza ambiri kuposa khoti. Pepala la marizaltsi analiika m'mbale, n'kuvundikira ndi mbale ina, n'kukulunga pansalu. Tambala anam'panira m'khwapa. Ine anandifunditsa chitenje cha amayi kuyambira kumutu, ati mkwati salankhula ndipo saoneka mpaka nkhani itapsa.

Ndinadutsa choncho pakati pa msika, ndikuona mapazi a anthu okhaokha. Ogulitsa tomato anaimba nthungululu. Kondakitala wa minibasi anakuwa kuti, "Madala, mkaziyo ali ndi miyendo ngati ya golokipa!"

M'tentimo munali mayi wina wa magalasi ndi laputopu yake. Ndinkamuona pa kabowo ka chitenje. Amalume anakana mpando, nakhala pansi, naomba m'manja mwaulemu.

"Odi kuno kwa eni mbumba!"

"Mukufuna fomu, abambo?"

"Fomu ayi, amayi. Ife tili ndi tambala wathu, ndiye tamva kuti pakhomo pano pali msoti."

Mayi uja anayang'ana tambala, nayang'ana mulu wa chitenje umene unali ine. Ndinati basi, aitana apolisi. Koma anatseka laputopu, nakonza mpando, n'kuyankha m'Chichewa chakumudzi chenicheni, cha ku Vubwi kumalire.

"Asoti alipo ambiri, ankhoswe. Mwaona uti?"

"Uja wa udokotala."

Mayi uja anamasula nsalu, navundukula mbale, nawerenga pepala lija. Analiyang'anitsitsa nthawi yoti munthu angakazinge nsawawa n'kuzisenda.

"Ameneyo ngotomeredwa kale. Ndipo amene akudikira pamzere ali ndi mapointsi sikisi."

"Nanga mng'ono wake?"

"Wa zamalamulo? Amalota m'Chizungu. Sikisi wa Chizunguyu angam'seke mpaka kugwa."

"Wa uinjiniya?"

"Ameneyo akangoona naini wa masamuyu, timuthira madzi."

Amalume sanagwedezeke, anazolowera zoterezi. Anayamba kundiyamikira. "Amayi, mnyamatayu samwa, sasuta. Njinga amakwera osagwira. Chinyanja ali ndi thuu, akhoza kulalata ndi aliyense m'Lusaka. Masamu ndi matenda a kuchimuna kwawo, kwa ife kulibe."

Tambala analira, ngati mboni.

"Kodi pakhomo pano," amalume anatsitsa mawu, "palibe wotsalira? Ngakhale wamkuluko msinkhu. Ngakhale wobwerera ku banja. Ife sitisankha."

Mayi uja anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anati, "Tam'vundukulani mkwatiyo." Ndinatuluka m'chitenje thukuta lili chuchuchu, ndipo anandiyang'ana osasekanso.

"Iwe, tamvera. Kuno ngakhale wotsalira amafuna makirediti asanu, masamu ali momwemo. Iwe uli ndi anayi. Kalembetse mayeso obwereza, masamuwa afike pa sikisi. Ukabwera nawo, dipuloma ina ikhoza kukulola. Digiri iwala kaye. Ndipo ankhoswe, tambalayo bwererani naye, angandichotsetse ntchito."

Ine ndinamva kuti atikana. Ndinayamba kale kumva khasu m'manja. Koma amalume ankaimba mluzu njira yonse.

"Ndiwe mwana," anatero. "Eni mbumba akati mubwerenso, ndiye kuti zatheka. Kukana kwenikweni amamasula agalu."

Tinapeza atate akunola khasu langa lomwelo.

"Alamu," anatero amalume, "mwanayu watomera."

"Watomera ndani?"

"Dipuloma."

"Wa kwa yani ameneyo?"

"Wa ku Lusaka. Banja labwino, laulemu, achibale ake ndi a ku Vubwi. Angoti akakonze masamu."

"Alamu, musandiseweretse. Am'tenga kapena sanam'tenge?"

"Mawu ndasiya kumeneko, ndipo pakamwa panga sipabweza. Mukam'tumiza ku Sinda, mukafotokoza nokha kwa eni mbumba chifukwa chimene mwathetsera chitomero."

Atate saopa njoka, saopa ng'ombe yolusa, koma mlandu wothetsa chitomero amauopa. Anayang'ana khasu, nayang'ana ine.

"Mayesowo ndi liti?"

"Chapakati pa chaka, atate."

"Ukalephera, munda uja ndiuwonjezera."

Miyezi imeneyo ndinavutika kuposa mkamwini. Amalume ankabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pakhonde kundilondera. Masamu sadziwa ngakhale pang'ono, koma akaona tsamba lili ndi malo osalemba ankati ndikuchititsa manyazi mtundu. Atsikana a m'mudzi anasiya kundipatsa moni, ati ndine wa mwini. Ndinawerenga mpaka mbuzi za kwathu zinayamba kuyenda m'mafulakishoni.

Masamu anatuluka sikisi. Sikisi yoonda, yotsimphina, yolowa chammbali ngati mlendo wochedwa kutchalitchi, koma sikisi.

Pano ndili chaka chachiwiri ku Lusaka. Amalume amaimba foni Lamlungu lililonse kufunsa ngati akundisunga bwino kuchikamwini. Temu yatha nditawauza kuti kosi imodzi yandivuta, anati ndisayankhe mwamwano, ndisatuluke m'nyumba, akubwera okha ndi basi ya Lachiwiri kudzakhala pansi ndi akuchikazi.