Zikhomo M'munda mwa Amayi

Chaka chimene thonje lathu analigula pa mtengo wochititsa manyazi ndi chimene ndinanena kuti basi, ndikupita ku Joni. Amayi anangofunsa funso limodzi: "Nanga mlongo wako ukumusiyira ndani?" Kwathu, kufupi ndi Chikweo, mwamuna ndiye amayang'anira mbumba yake, ndipo yanga inali Asiyatu yekha ndi ana ake awiri. Ndinayankha kuti ali ndi mwamuna wake, Che Twaibu. Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi zitatu, n'kunyamuka.

Ku Durban ndinapeza ntchito yosoka makatani. Tinkagona asanu m'chipinda chimodzi, tonse a ku Machinga ndi Mangochi. Ndalama inkapezeka, sindinama, koma inkathera lendi, chakudya ndi kuziziritsa apolisi amene ankadziwa kuti mapepala athu anatha kalekale. Yotsala ndinkatumiza kumudzi. Katundu ndinkapatsira transipota wina wa ku Balaka, Che Bwanali, munthu wa nthabwala amene ankatibweretsera mpunga ndi usipa. Amayi anamwalira m'chaka changa chachitatu. Maliro awo ndinangowamvera pa foni, nditakhala pa makina.

Kuyambira pamenepo ndinachepetsa kuimba. Ukaimba ankakuuza za njala, iwe m'thumba mulibe kanthu. Chimene chinatsala chinali gulu la pa watsapu la komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu, imene mlembi wake anali alamu anga aja. Mmenemo ndi mmene ndinkamvera kuti mjigo wafa, kuti mlatho wakokoloka, kuti mayina a makuponi atuluka koma ena asowa. Ndinkangowerenga, osayankha.

Lachisanu lina ndikutuluka mu mzikiti ndinapeza chithunzi pa gulu lija. Khansala wathu anali ataima ndi anthu awiri a kukhonsolo atagwira tepi yoyezera, ndipo pansi analembapo kuti malo omangapo sikelo ya ana apezeka. Ndinachikulitsa ndi zala. Kumbuyo kwa khansala kunali chulu chokhala ndi mtengo wa bwemba, ndipo patsogolo pake panali zikhomo zopakidwa penti yofiira. Unali munda wa amayi, wa m'mphepete mwa msewu.

Ndinamuimbira Asiyatu pompo.

"Zikhomo zija wakhoma ndani?"

"Tidzakambirana mukadzabwera, achimwene."

"Ndikufunsa panopa."

"Nkhani za munda sitikambira pa foni," anatero, n'kudula.

Che Twaibu foni yanga sanaiyankhe n'komwe. Mnzanga wa m'chipinda, amene anali atangofika kuchokera kumudzi, anandiyang'ana chammbali n'kunena kuti, "Koma alamu ako ndawaona ku Nselema ali pa njinga yamoto yatsopano." Sabata imeneyo ndinasoka makatani okhota mpaka bwana anandikalipira. Mumtima ndinali nditamaliza kale mlandu: mlembi wa komiti, khansala wofuna mavoti, mlongo wamantha, ndi ine chitsiru chakutali chongotumiza ndalama. Mwezi utatha ndinakwera basi, osauza munthu.

Ndinafika Lachinayi masana. Anthu anandilonjera bwinobwino, koma ndikangodutsa ndinkamva atonthola kumbuyo kwanga. Asiyatu anandipatsa madzi osamba ndi chakudya, n'kunena kuti Loweruka kuli msonkhano wa komiti kusukulu, ndikafunse kumeneko. Alamu anga ankatuluka m'mawa n'kubwera nditalowa kale m'nyumba. Ndinati eya, akundithawa.

Loweruka m'kalasi munadzaza. Wapampando anali Abiti Jafali, mayi wogulitsa mpunga pamsika wa Nselema. Atamaliza za njerwa, ndinaimirira. Ndinafunsa kuti munda wa amayi anga wagulitsa ndani, ndiponso kuti mlembi njinga yamoto waitenga kuti. Che Twaibu anaweramitsa mutu. Wina kumbuyo anaseka.

"Njingayo ndi ya mwini golosale wa ku Nselema, awa amangoyendetsa kabaza," anatero Abiti Jafali. "Koma mwachita bwino kubwera, Che Adamu. Nafenso tinali ndi funso lathu. Munda uja munaugulitsa zingati?"

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Iwo anatsegula faelo n'kutulutsa pepala. Ananena kuti chaka chatha kunabwera bambo wina wa ku Balaka pa galimoto, ali ndi kalata yonena kuti ine ndamugulitsa munda wa pamsewu, akufuna kumangapo mashopu. Pakalatapo anamatapo fotokope ya chiphaso changa. Ndinaitenga m'manja. Siginecha sinali yanga, koma nkhope inali yanga, ndi makutu omwe.

"Iyayi, ine sindinagulitse kanthu," ndinatero.

"Nanga chiphaso chanu anachipeza bwanji?"

Ndinakhala pansi. Fotokope imeneyo ndinampatsa Che Bwanali ndi manja anga, atandiuza kuti imafunika podutsitsa katundu pa boda. Ndinakumbukiranso tsiku lina tikumwa tiyi m'chipinda chathu, nditatopa ndi kutukwanidwa, ndinamuuza kuti kwathu kuli munda wa pamsewu, tsiku lina ndidzaugulitsa ndigule makina anga. Ndinkangolankhula. Iye sanaiwale.

Ndinawafotokozera zonsezi. Ena anagwedeza mutu, ena anangondiyang'ana. Kenako anaimirira Asiyatu, amene ndinamusiya ali wamanyazi wosatha kulankhula pagulu.

"Ndinakuimbirani katatu, achimwene. Munanditumizira uthenga woti muli bize. Ndiye ndikanaganiza chiyani? Bambo uja anali ndi ndalama, ine ndilibe. Ndinadziwa kuti ndikalimbana naye ndekha, kwinakwake adzagula munthu. Komiti inkafuna malo a sikelo, azimayi tatopa kuyenda ndi ana kumsana mpaka ku Chikweo. Ndinapereka chigawo cha kumsewu kuti mudzi wonse ukhale mlonda wanga. Atabweranso anapeza zikhomo za boma ndi azimayi akuumba njerwa. Sanatsike n'komwe m'galimoto."

"Bwanji simunandiuze, alamu?" ndinafunsa Che Twaibu.

"Ine ndine mkamwini," anayankha motsitsa. "Ndikanalankhula, mukanati ndikufuna munda."

Ndipo ndi zimene ndinanenadi, ngakhale sanalankhule.

Patha miyezi isanu tsopano. Nambala ya Che Bwanali sikugwira, ndipo ku Balaka amene ndawafunsa akuti akuyendera njira ina. Njerwa tinawotcha, ine ndinapanga nawo uvuni. Simenti imene khansala analonjeza sinafike. Akuti ili m'njira, ndipo Abiti Jafali amakwera minibasi kupita ku boma kukafunsa, n'kubwerako ndi mawu omwewo. Pano ndimakhala nawo pamisonkhano, ndipo ndaona kuti kukayikira si kwa ife a ku Joni tokha. Kuno aliyense amayang'ana manja a mnzake, ndipo n'chifukwa chake munda ulipobe. Chimene sindinkadziwa ndili pa makina paja n'chakuti manja amene ankawayang'anitsitsa kwambiri anali anga.

Chigawo chotsala Asiyatu anachilembetsa kwa a gulupu m'dzina lake ndi la ana ake. Tsiku lina tikuchokera kumunda, makasu paphewa, ndinamufunsa kuti pepalalo amalisunga kuti, poti nyumba yake imadontha.

Anayankha osacheuka.

"Lili pabwino, achimwene."

Sindinafunsenso.