Loko wa pa dziwe la a Sakala

Petulo Sakala anabwerako ku Halale m'zaka za Chitaganya ali ndi sutikesi, chipewa cha khonde ndi nthenda imodzi yosachizika: kusambira. Kumeneko ankasamala dziwe la simenti panyumba ya mzungu wina, ndipo bwana akangoti wachokapo, iye ankadziponyamo kuti khuvu! Munthuyu mtima anali nawo wabwino, kungoti zachilendo ankazikonda mopitirira.

Atafika kumudzi kwa mkazi wake Felesita, kufupi ndi Tamanda, anaumba njerwa n'kumanga nyumba ya malata. Nyumbayo anaiika pa inshuwalansi, mawu amene anthu a m'mudzimo ankayesa dzina la mankhwala a chifuwa. Amene anamukopa anali Edmund, kalaliki wa kampani ina kuboma ku Fotijemusoni, yemwe anamuuza kuti nyumba ikapsa kampani idzamanga ina. Petulo moto ankauopa zedi, pakuti thukuta lake lonse la ku Halale linali m'malata amenewo.

Koma dzenje limene anakumbamo dothi la njerwa linamusowetsa mtendere. Analiwongola m'mbali, nalimata simenti, n'kukokeramo madzi a padenga. Mvula itagwa linadzaza, ndipo m'mawa uliwonse a Sakala ankaoneka m'kabudula akupalasa madzi ngati chule, amayi odutsa akuphimba kumaso uku akusuzumira pakati pa zala.

Edmund atabwera pa njinga n'kuliona, anagwira pakamwa.

"A Sakala, mwawonjezera chinthu chotere osatiuza? Mwana akagweramo, kapena ng'ombe ya mnzanu ikathyokeramo mwendo, mlandu ndi wa mwini dziwe. Kampani ikufuna mpanda, chitseko ndi loko. Apo ayi ikusiyani, nyumba yanu muziionera nokha."

Petulo anadula mitengo sabata yomweyo. Felesita anamupeza akukhoma chitseko.

"Bambo a Dailes, madzi n'kukhomera loko? Anthu atiyesa chiyani kuno?"

"Amenewa si madzi, amayi, ndi dziwe losambira," anayankha motero, kiyi n'kuponya m'thumba.

Chaka chimenecho dzuwa la Okutobala linawamba dziko, chitsime cha m'mudzi n'kuphwa. Amayi ankalawirira kudambo lakutali, akumadutsa pampanda paja ndi mitsuko yopanda kanthu. Madzi a m'dziwe anali atabiriwira pang'ono, koma madzi ndi madzi. Palibe anapempha, moni yekha ndiye anayamba kufupika. Petulo zinkamupweteka, koma akayang'ana malata ake ankalimba mtima.

Tsiku lina Felesita atapita kuchigayo, kunatulukira apongozi ake a Petulo, mayi Ketilina, mtsuko uli pamutu. Anautula pachitseko cha mpanda, nakhala pansi atafulatira nyumba. Petulo anathawira kuseri kwa nkhokwe, pajatu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, ngakhale kulankhulana nawo. Kuwauza za kampani sakanatha, kuwabweza ndiye nkhani yosayamba. Anangoima pamenepo thukuta lili kamukamu.

Patapita nthawi mayi aja analankhula, osati kwa iye, koma kwa mtengo wa mpanda.

"Iwe mtengo, ine mwana wanga ndinapereka wopanda loko. Malo omangapo nyumba ndinapereka opanda loko. Ndiuze, ndinalakwa?"

Manyazi anamugwira Petulo. Anazungulira chozemba, nkhope ataitembenuzira kumbali, n'kutsegula. Dzuwa lisanapendeke, mudzi wonse unali pamzere. Loko akanatha kubwezerapo madzulo, koma ankadziwa kuti mawa apongozi abweranso, choncho chitseko anachizula n'kukatsekera khola la mbuzi.

Edmund anadzaona, napukusa mutu, kampani n'kusamba m'manja. Kuyambira pamenepo mpanda wa dziwe anakhala Petulo mwini. Ankakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, maso ali pa ana ndi ng'ombe za anthu, mphuno ikununkhiza utsi wa lupsa, pakuti mantha a moto sanamuchoke mpaka imvi. Udzu wa pafupi ndi nyumba yake sunkaloledwa kufika m'chidendene.

Nanga kusambira? Edmund anamufunsa zimenezo patapita zaka, atakumana pamsika wa Kapata. Petulo anaseka, koma kuseka kwake kunali kwachisoni.

"Achimwene, inu mungavule malaya n'kulowa m'madzi amene apongozi anu amamwa?"