Duwa Lotsogola Masamba

Amayi anabwera kudzakhala nane kutsidya kwa nyanja, ku North York, bambo atamwalira, ndipo chisanu choyamba chinawalandira ndi chifuwa. Sichinali chifuwa chogoneka munthu ayi, koma chouma, chokanda kukhosi, chosamva uchi kapena mandimu. Ankatsokomola pophika, popemphera, ngakhale polankhula ndi achemwali anga kumudzi, khadi ya foni n'kumangothera kutsokomola.

Ine ndinkagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba ku Markham, mbali ya anthu odwala matenda oiwala. Ntchito imeneyo imawononga maso. Munthu akangoika makiyi pamalo achilendo, iwe wayamba kale kumuyang'ana cham'mbali. Ndiye amayi atayamba zawo zija, sindinkadziwa ngati ndikuona mayi anga kapena ndabwera ndi ntchito kunyumba.

Zinayamba mu Epulo, sino, madzi oundana ogwa ngati ufa aja, itangosungunuka. Tsiku lina nditatsika basi ndinadzera njira yachidule ya m'khwawa la kuseri kwa nyumba yosanja imene tinkakhala. Ndinawaona akukwera kuchokera kumtsinje, atavala jekete langa lalikulu pamwamba pa chitenje, dzanja limodzi atalipisa pachifuwa.

"Amayi! Mukutani kuno, kuzizira konseku?"

Anandiyang'ana m'maso n'kundidutsa. Sanayankhe, sanamwetulire, sanacheuke. Ndinawatsatira ndikuitana mpaka m'chikepe. Mmenemo tinalimo awiriwiri, koma iwo maso anali pa manambala basi. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa nkhope yotero ndinkaiona tsiku ndi tsiku ku Markham.

Titalowa m'nyumba anatulutsa timaluwa tachikasu todzaza dzanja, n'kutiyanika pa nyuzipepala pawindo. Kenako anatembenuka ngati palibe chachitika.

"Waswera bwanji? Zakuvutitsa nkhalamba zako lero?"

"Amayi, simunandione panjira paja?"

"Ndinakuona. Maso ndili nawo."

"Nanga bwanji simunandiyankhe?"

"Iwenso, funso lanji limenelo? Munthu wamkulu ngati iwe." Anaseka n'kupita kukateleka madzi a tiyi. Sindinafunsenso. Mwina ndinkaopa yankho lake.

Za maluwawo anandifotokozera tikudya. Mayi wina wachikulire wochokera ku Poland, wokhala m'nyumba yathu yomweyo, anawamva akutsokomola kuchipinda chochapira zovala. Onse awiri Chingerezi chawo chinkathera pa moni, ndiye ankacheza ndi manja. Mayiyo anawagwira dzanja mpaka kukhwawa, anawalozera maluwawo, anadzigunda pachifuwa n'kuchita ngati akumwa. Kenako anajambula ndi chala pamatope tsamba lalikulu ngati chikhatho, n'kukupiza dzanja kutsogolo.

"Masamba akewo ndiye mankhwala enieni," amayi anatero. "Koma sanamere. Akubwera."

"Maluwa atuluka kale, masamba asanamere?"

"Eya. Kuno kwanuku zinthu zimayambira kumapeto."

M'mawa mwake ndinapita ndekha kukaona. Pamtunda wadongo m'mbali mwa kanjira panali timaluwa mbwee, kalikonse pa kaphesi kake kamamba, kotuluka m'dothi momwemo. Tsamba panalibe ngakhale limodzi. Pambali amayi anali atazika kamtengo n'kumangapo kansanza ka chitenje chawo, kuti asadzataye malowo. Ndinaima pamenepo n'kumaganiza. Nyemba, maungu, therere, chilichonse chimene ndinachionapo chikumera chimayamba masamba, maluwa n'kubwera pambuyo. Maluwawo ndinkawaona ndithu, koma nkhani ya masamba amene akubwera inkamveka ngati ya agogo ena a kuntchito, amene masana aliwonse ankavala chipewa n'kukakhala pakhomo kudikira amuna awo amene anamwalira kalekale.

Ndinaimbira achimwene anga ku Oakville. Iwowo sachedwa kugamula mlandu.

"Ameneyo ndi dandilayoni, udzu womwe ndimalimbana nawo pakapinga pano," anatero. "Chemwali, amayi akonfyuzika. Uwabukire dokotala. Ngati zayamba, bola abwerere kumudzi akadali kuzindikira anthu. Iwe umakhala pa shifiti, tsiku lina adzasochera mu sino ndiye udzati chiyani?"

Zimene ankanenazo zinali zomveka, n'chifukwa chake zinandikwiyitsa. Sindinkafuna kuti amayi apite. Ndinali nditakhala zaka zambiri ndikulowa m'nyumba yopanda wondifunsa kuti ndaswera bwanji.

Kwa dokotala tinapita. Iye ankafunsa, ine n'kumamasulira. Atafunsa kuti ino ndi nyengo yanji, amayi anayankha mosazengereza kuti ndi nthawi yokolola, ndipo kumudzi ayamba kusanja chimanga. Panja mitengo inali ikungoyamba kuphukira. Sindinadziwe ngati alakwa kapena akhoza. Atapatsidwa pepala kuti ajambule wotchi, anajambula yapamkono ya malemu bambo, ndi lamba wake yemwe, manambala onse n'kupanikizana mbali imodzi. Dokotala anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kunena kuti sangagamule kanthu panopa, tidzabwerenso. Tikunyamuka anamva amayi akutsokomola, anafunsa mapilitsi a bipi amene ankamwa, ndipo anawasinthira ena.

Mu Meyi maluwa aja anasanduka oyera ngati thonje, mphepo n'kuwatenga. Kukhwawa kunatsala kamtengo ndi kansanza kake. Amayi ankapitabe kukazonda, n'kubwera n'kunena kuti sanafike. Mayi wa ku Poland uja anali atasamukira kwa mwana wake, ndiye panalibe woti ndimufunse. Achimwene ankaimba kufunsa ngati ndayamba kuyang'ana tiketi, ine n'kumawauza kuti ndatanganidwa.

Mu Juni, tsiku limene sindinapite kuntchito, amayi anandigwedeza phazi ndili mtulo.

"Dzuka, tiye ukaone alendo aja umati kulibe."

Pamtunda paja panali masamba okhaokha, aakulu kuposa chikhatho changa, ozungulira ngati chiboda cha bulu, okhala ndi timakona m'mphepete. Dothi silinkaonekanso. Amayi anatembenuza tsamba limodzi, kunsi kwake kunali ubweya woyera, wofewa. Kamtengo kawo kanali pakati penipeni. Ndinaseka mpaka misozi, iwo n'kumandiyang'ana ngati wamisala ndine.

Anathyola ochepa, ena mbali ya kum'mawa ena mbali ya kumadzulo, n'kundipatsako. "Tsopano tamvera. Tikanyamuka pano, pakamwa tseka mpaka tikalowe m'nyumba. Usapereke moni, usacheuke. Ukalankhula panjira mankhwala amasukuluka."

"Ndiye tsiku lija..."

"Nanga umati chiyani? Anakulera ndani iwe?"

Ndinakulira ku Blantyre, kusukulu yogonera konko, ndipo mankhwala onse amene ndinkawadziwa ankachokera m'botolo. Mwambo umenewu ndinali ndisanaumvepo.

Tinanyamuka, amayi patsogolo ine pambuyo. Pafupi ndi siteji ya basi tinakumana ndi mayi wina wa ku Zambia amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. "Amama, mwauka bwanji? Sista!" Tinamudutsa tonse awiri ngati mtengo. "Iyayi, kulibe moni lelo? Nalakwa chani?" Ndinaluma mlomo kuti ndisaphulike, ndipo Lamlungu lake ndinavutika kumupepesa.

Tsiku lomwelo ndinaimbira achimwene kuwauza kuti masamba afika, ndipo kusayankha kuja unali mwambo. Anati, "Oke, fayini, koma wotchi ija?"

Mawa lake ndinatenga tsamba limodzi kukaonetsa nesi wa kuntchito kwathu. Analizindikira msanga. Anati pa Chingerezi limatchedwa coltsfoot, kutanthauza phazi la mwana wa hachi, ndipo n'zoona kuti makolo a azungu ankamwera chifuwa. Koma anati tisamwe, lili ndi zinthu zowononga chiwindi, makamaka kwa munthu wamkulu amene ali pa mapilitsi. Ndinabwerera kunyumba nditasokonezeka kuposa kale. Ndinali nditangosangalala kuti amayi ananena zoona, tsopano ndikawalande chimene ananena zoonacho.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. "Mzungu wandipatsa, mzungu wandiletsa. Ndimvere uti?"

"Mverani ine, amayi."

Anang'ung'udza, koma anasiya. Masambawo anawayanikabe n'kuwasunga m'botolo la khofi pamwamba pa firiji. Chifuwa chinali chitatha kale. Iwo ankati achira ndi tiyi wa maluwa aja, dokotala ankati ndi mapilitsi amene anasintha. Ine mpaka lero ndikafunsidwa ndimangokweza mapewa.

Tiketi sinagulidwe. Chisanu china chinabwera n'kupita. Nthawi zina amayi ankathira mchere kawiri m'ndiwo, kapena kundiitana dzina la achemwali, koma ndinkadziuza kuti aliyense amatero. Ndinali nditawakayikira kamodzi pachabe, ndipo sindinkafuna kubwerezanso. Kwa dokotala kuja sitinabwerere msanga.

Epulo wotsatira timaluwa tija tinatulukanso. Tsiku lina nditatsika basi ndinawaona akukwera kuchokera kukhwawa, atavala jekete lomwe lija. Ndinakweza dzanja, anandiyang'ana m'maso n'kundidutsa. Ndinamwetulira ndekha. Ulendo uno mwambo ndinkaudziwa, ndiye ndinatseka pakamwa n'kuwatsatira, ndikukonza m'mutu mmene ndikawakalipire za chiwindi tikalowa.

M'chikepe sanadine batani, ndinadina ndine. Titatuluka anadutsa chitseko chathu n'kupitirira mpaka kumapeto kwa khonde, anaima, n'kuyamba kuyang'ana zitseko chimodzichimodzi. Pamenepo m'pamene ndinayang'ana manja awo. Onse awiri anali akulendewera, otambasula, opanda kanthu. Ndinayandikira n'kupisa m'matumba a jekete, ndinapezamo kampango kokha.

"Amayi?"

Anatembenuka, anapinda mawondo pang'ono monga amachitira kwa alendo.

"Pepani mayi, ndakuvutitsani. Ndikufuna kwa mwana wanga, amagwira ntchito ya okalamba. Kapena mukumudziwa?"

Ndinafuna kunena zambiri, koma ndinaona kuti akudikira yankho mwaulemu, ndipo atopa.

"Ndikumudziwa, amayi. Tiyeni, ndi pompano."

Ndinawagwira dzanja n'kutsegula chitseko. Ku Oakville sindinaimbe tsiku limenelo.