Galimoto Yamoyo Tinaikankha

Ndikukumbukira bwino chaka chimene amalume a Jailosi anabwera ndi galimoto pakhomo pathu ku komboni ya Fiyo, ngakhale masiku ano ndimaiwala ndi pomwe ndasiya chipewa chili kumutu. Inali nthawi ya Chitaganya, mzinda uno azungu akuutcha Salisbury, ife tikungoti ku Halale. Ndinali mu Sitandade 3, ndipo musandifunse za 4, chifukwa ine ndi sukulu tinasiyana mwamtendere pomwepo.

Amalumewo, mlongo wawo wa amayi, anali dalaivala wa lole pa fakitale ina ku Graniteside. Galimotoyo anawasiyira mzungu wina wokalamba amene ankabwerera kwawo. Inali yofiira, yaifupi ngati kamba, yopanda denga, ya mipando iwiri basi. Kukongola inali yokongola. Vuto linali kunsi. Paipi ya utsi, ija amati ekizozi, inali itadyeka ndi dzimbiri, yomangidwa ndi waya, moti injini ikalira inkangoti phwe-phwe-phwe ngati nkhalamba yosuta chingambwe.

Ana a m'mizere ya nyumba zathu sanachedwe kuipatsa dzina. Mtsogoleri wawo anali Tichaona, mnyamata wa Chishona wa m'kalasi mwathu, wamfupi koma pakamwa ngati lumo. Anaitcha Chikosoro, ndiko kuti chifuwa m'chilankhulo chawo, ndipo dzinalo linayamba kutsetserekera kwa ine.

"Inu Mabulandaya," anatero pa bwalo la mpira, poti ndi momwe ankatitchulira ife a ku Nyasalande, "galimoto mumadziwa kutsuka za azungu. Yanuyo ipititseni kuchipatala."

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba, anyamata onse akuona. Ndinati Lamulungu likudzali galimotoyo idzadutsa pakhomo pawo ikubangula ngati mkango, ine nditakhala kutsogolo, ndipo zikadzakanika anditche Chikosoro mpaka ndidzamere imvi. Anyamata anaomba m'manja. Mwana wa ku komboni amadziwa kuti dzina likakumata silichoka ndi sopo.

Sindinalumbire chopanda mutu. Ndinkadziwa kuti amalume apeza kale paipi ina kwa anthu ophwasula magalimoto, yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, yonyezimira kumapeto, ndipo kabokosi kake kochepetsa phokoso kanali kakang'ono ngati chitini cha jamu. Anali ataibisa kuseri kwa khola la nkhuku, ataikulunga m'chiguduli ngati khanda.

Loweruka m'mawa ntchito inayamba. Jeke tinalibe, ndipo galimotoyo inali yogwada kwambiri moti ngakhale mphaka akanalowa pansi pake chokwawa. Amalume anazungulira bwalo, naima pamene dothi linali lofewa kuposa ponse. Pamenepo panali pa bedi la repu la amayi.

"Achimwene, mukufuna kuika ndani m'manda pamasamba angawo?" anafunsa amayi ataona khasu.

"Achemwali, ndikukutembenuzirani nthaka ulere. Chaka chamawa repu wake adzafika m'chiuno."

"Chaka chamawa mudzadya paipiyo."

Tinakumba dzenje lalitali, lotifika m'chiuno, n'kukankhira galimoto pamwamba pake, matayala uku ndi uku, njerwa kutsogolo ndi kumbuyo. Tinalowa tonse awiri. M'menemo munkanunkha oilo wopserera ndi dothi lonyowa, ndipo kunja dzuwa la Okutobala linali likuwotcha malata. Mabawuti akale anali atagwirana ndi dzimbiri ngati apongozi osafuna kusiyana pa mlandu. Tinawathira palafini, tinawagogoda, amalume anawanyengerera m'Chichewa, kenako anawatukwana m'Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha kuntchito, ndipo ndi chimenecho anamva. Paipi yakale inagwa yokha, n'kundithira mwaye kumaso konse. Amayi atasuzumira anati tsopano ndafanana ndi abambo anga.

Yatsopanoyo inakana kulowa. Inali yaitali, ndipo inkagunda chitsulo cha matayala akumbuyo. Apa ndi pamene ndinaona luso. Amalume anaidzaza mchenga, natseka uku ndi uku ndi zitsotso za chimanga, naiika pa mbaula mpaka pakati pake panafiira. Kenako anaipanikiza pa mphanda ya mtengo wa pichesi n'kuikoka pang'onopang'ono. Inapinda bwinobwino osaphwanyika, poti mchenga uja unkaigwira m'kati. Itazizira tinakhuthula mchenga, ine ndinaisenza paphewa m'dzenjemo, iwo akumanga mabawuti, lilime lili panja.

Dzuwa litapendeka anakwera, natembenuza kiyi.

Abale anga, ndamvapo mabingu, ndamvapo sitima ya pamtunda, ndamvaponso mkazi wanga atapeza botolo m'thumba la jekete. Zonsezo n'zonong'ona. Galimoto ija inati bruuu, mawindo a nyumba ananjenjemera, nkhuku zinauluka kudumpha mpanda, ndipo mayi wina woyandikana nafe anatuluka m'bafa ndi thovu kumutu akuitana Yesu. Ine ndinkangodumpha, kukuwa osadzimva. Ngakhale amayi anaseka, atagwira makutu.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinadzola mafuta mpaka m'makutu. Ndinakhala pa mpando wachikopa wotentha, chigongono panja monga ankachitira azungu. Tinanyamuka. Fumbi kumbuyo, agalu kumbuyo kwa fumbi, ana kumbuyo kwa agalu. Amalume akaponda mafuta, phokoso linkandilowa m'mimba n'kukatulukira m'mano. Njira ndinkalozera ndine, ndipo mukudziwa kumene ndinkalozera.

Titakhota kulowa mu mzere wa kwa a Tichaona, ndinakonza kale nkhope yoti ndimuonetse. Koma kutsogolo kunali anthu. Azibambo anali atakhala pa mabenchi panja, zipewa zili pamaondo, ndipo m'nyumba munkamveka kulira kwa azimayi. Inali nyumba ya kwa a Tichaona yomweyo.

Amalume anazimitsa injini pomwepo. Anavula chipewa natsika.

"Tsika, mphwanga. Tikankhe."

"Amalume, siinafe! Ingodutsani msanga, kamodzi kokha!"

"Kwathu ukafika pa maliro umatsika njinga n'kuiyendetsa ndi manja. Sunaonepo?"

"Koma iyi si njinga."

"Ndi njinga ya matayala anayi. Gwira kumbuyoko, ndipo usamale paipi, yatentha."

Kubwerera sakanalola, poti kuthawa maliro utawaona n'chipongwe china. Ndinatsika. Anyamata onse aja a ku mpira anali ataima m'mbali mwa msewu, ndipo anandiona ine, mwini mkango, nditawerama, matako m'mwamba, ndikukankha. Wina anayamba kutsokomola monamizira. Misozi inandilengeza, ndipo sinali ya maliro.

Azibambo a pa mabenchi anayang'anana. Kuno anthu sankatsika galimoto pa maliro, mwina poti amene anali nazo sankadutsa m'misewu yathu. Mmodzi anafunsa ngati petulo watha. Amalume, dzanja lina pa chiwongolero, anayankha m'Chishona chawo chothyokathyoka kuti petulo alimo, koma galimotoyi pakamwa pake sipadziwa kunong'ona. Bambo uja anaomba m'manja mwaulemu mwa kwawo, enanso natsatira. Amalume anaimika galimoto, nakagwada pa benchi kupepesa. Ndi pomwe tinamva kuti amene anatisiya anali agogo ake aamuna a Tichaona.

Titayambanso kukankha, ndinamva galimoto yapepuka. Nditacheuka ndinaona Tichaona ali pambali panga, maso ofiira, manja pa chitsulo. Kutsokomola kuja kunalekeka. Tinakankha mpaka kulira kwa azimayi kunasiya kumveka.

"Dzulo tinaimva kuno," anatero asakundiyang'ana. "Asekuru anali pa mphasa. Anafunsa ngati ndi mvula ikubwera, akuti tikaanule chimanga."

"Unawauza chiyani?"

"Ndinati ndi mvula."

Anapukuta manja pa kabudula nabwerera kwawo. Dzina lija sanalitchulenso, ndipo poti iye sanalitchule, linafera pomwepo.

Galimotoyo inatha kalekale, amalume nawonso anagona ku manda a kuno komweko, osaonanso Nyasalande. Ine ndakalamba ndili munthu waphokoso, funsani aliyense pa bawa. Adzukulu anga amayendetsa timagalimoto tawo tobangula, ndipo akamadutsa pa maliro amangokweza magalasi n'kupitirira. Ndikawauza kuti kale tinakankha galimoto yamoyo amati agogo ayamba bodza lawo lija. Tsiku limene lija ine ndinkaona ngati amalume andivula pagulu. Pano ndimaona kuti paipi ija aliyense akanatha kuigula kwa ophwasula magalimoto, koma munthu woti waisula tsiku lonse, ali ndi msewu wodzaza anthu oti amuone, n'kutembenuza kiyi yekha chifukwa cha nkhalamba yosaidziwa n'komwe, ameneyo sindinakumane nayenso kawirikawiri. N'chifukwa chake ndawauza ana kuti tsiku langa likadzafika, aliyense wodutsa ndi galimoto adzatsike akankhe. Ndikudziwa kuti sadzatero, koma ndidzakhala ndikumvetsera.