Bango la Ababa

Chaka chimene ababa anafa ziwalo mbali ya kumanja, pakamwa panatsekanso. Anatsala ndi liwu limodzi lokha, “iyayi”, ndipo ankayankha nalo chilichonse, ngakhale powapatsa madzi akumwa. Ine ndinabwera kudzathandiza kuchokera ku Nsanje kumene ndinkaphunzitsa, nditanyamula foni yokhala ndi pulogalamu ija yoti ukaifunsa imakuyankha ngati munthu wophunzira kwambiri.

Madzi a Shire atayamba kuphwa kudimba kwathu kumtunda kwa Chiromo, nkhani inali yoti tibzale liti. Mbewu inali chitini chimodzi basi, chimanga cha makolo chimene ababa anachipulumutsa pa chigumula atachisenza pamutu. China kunalibe.

Ndinafunsa foni. Ee, kulongosola kwake! Kuya kwa phando, kufulumira chinyezi chisanathe, zonse mwadongosolo. Ndinawawerengera ababa mokweza. Iwo anakumbatira chitini ndi dzanja lamoyo lija, nkuloza ndi mlomo bango limene anakazika okha m'mphepete mwa madzi, akudzikhwekhwereza.

“Iyayi.”

“Chifukwa chiyani, ababa?”

“Iyayi.”

Ndinapsa mtima, sindibisa. Munthu wokana ndi madzi akumwa omwe, ndimumvere bwanji? Foni inali ndi zifukwa, ababa analibe ngakhale chimodzi. Chitinicho ndinachita kuwalanda, kuwamasula chala chimodzichimodzi.

Tinabzala ndi amayi. Sabata isanathe mtsinje wa Ruo unatsika ndi madzi a kumapiri, kuno kusanagwe ndi dontho lomwe, nkutsekereza Shire. Madzi anabwerera m'dimba ndipo mbewu yonse inaola.

Pambuyo pake ndi pamene amayi anandiuza za bango lija. Ababa ankalizika chaka chilichonse, osabzala mpaka madzi atalisiya masiku angapo osabwererako. Tsiku ndinawalanda chitini, tsinde lake linali litanyowanso.

“Nanga osandiuza bwanji, amayi?”

“Ine ndikanatsutsa aphunzitsi ndi foni yawo?”

Ndinailembera foni mwaukali. Inapepesa bwinobwino, kuti ikanayenera kufunsa kaye za mtsinje, nkuyambanso malangizo ena. Chinthu chosanyowapo phazi, chosagonapo ndi njala, kupepesa kungachivute pati?

Ine kunandikanika. Ndinangokakhala pakhonde pafupi ndi ababa. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa chitini chawo, chopanda kanthu. Anachigwedeza pafupi ndi khutu, kawiri. Ndinadikira “iyayi” uja, ndinkamufuna ndithu. Sanamunene.