Velo la Mphatso ndi njerwa za ku Fort Lister

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi, kwa azakhali anga kunabuka mkangano wa zithunzi. Mwana wawo Mphatso, msuweni wanga, akukwatiwa mwezi wamawa ndi mphunzitsi wina wa ku Mzimba, ndipo awiriwa anagwirizana kuti zithunzi za ukwati akajambulitse ku Fort Lister.

Azakhali atamva anakhala pansi pakhonde, nsapato imodzi ili m'manja.

"Pabwinja? Mwana wanga avale velo n'kukaima pabwinja? Paja pali ndi manda! Mukufuna banjalo lisandukenso bwinja?"

Ananenetsa kuti ngati zili choncho, iwo ku ukwatiko sakapondako. Azakhali anga ndimawadziwa, akanena anena. Mphatso misozi inayamba kulengeza.

Mkamwini anayesa kufotokoza mwaulemu, akupukusa manja, kuti linga lija analimanga atsamunda pofuna kutseka njira imene ogula akapolo ankadutsitsa anthu pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi. "Amayi, malo aja ndi a mbiri," anatero. Azakhali anamuyankha kuti mbiriyo akaphunzitse ana kusukulu.

Apa Mphatso anapukuta m'maso n'kuloza pomwe mayi ake anakhala.

"Amayi, njerwa za khonde lino zinachokera kuti?"



Tonse pamudzi timadziwa. Amuna awo a azakhali ali mnyamata anazituta panjinga kuchokera kubwinja komweko, ati njerwa zakale sizinyenyeka ndi mvula. Pakhonde pomwepo azakhali apeterapo nandolo, alererapo ana, akalipirapo amuna awo, ndipo banja lawo mpaka lero lili nganganga.

Ine ndinaseka mpaka anandithamangitsa ndi nsapato ija.

Koma abale anga a ku Phalombe, tisawaseke okha azakhaliwa. Kodi si mmene tilili tonse? Bwinja timaliopa tikavala suti. Tikafuna mafuwa kapena njerwa za khola la nkhuku, mantha aja amapita kuti? Mlendo akatsika minibasi pa Boma n'kufunsa njira ya kulinga, timayamba tamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwachokera kutali konseko kudzaona zigumukire?" Wakabaza amamunyamula ndithu, koma nkhani yake amakaseketsa nayo anzake pa siteji.

Manda a makolo athu timalambula chaka ndi chaka, thobwa n'kumwa. Linga lija lilibe mbumba. Ena amati n'la boma, ena amati n'la azungu. Chikhalirecho amene ankadutsa pampata paja goli lili m'khosi sanali azungu ayi. Anali anthu ngati ine ndi inu, ndipo khoma la lingalo ndi limene latsala kuti tiziloza powauza ana. Zimenezi zimandiwawa, sindinama.

Tibwerere kwa azakhali. Pamapeto pake anati, "Chabwino. Koma mwana wanga sakaima m'tchire kuti njoka imulowe m'diresi."

Lachitatu anasenza khasu, anaitana amayi anzawo a kutchalitchi, anakapempha kwa oyang'anira malowo, n'kulambula udzu wonse wozungulira khoma. Aka kanali koyamba kuti afikeko, munthu wobadwira kuseri kwa mapiri omwewo.

Madzulo ndinawapeza atatopa, chisoso chili mbwee pachitenje. Ndinawafunsa kuti aona zotani.

"Malo ndi abwino, mwana wa achimwene, mphepo yake yokoma. Koma khoma latsala lochepa zedi. Anthu ndi akuba inu!"

Anatero atatambalala pakhonde pomwe paja.

Ukwati ulipo, azakhali adzavina, zithunzi zidzajambulidwa. Koma mwana wa Mphatso akadzafuna kujambulitsa zake, tidzamuimika kutsogolo kwa khoma, kapena tidzayenda naye khonde ndi khonde?